Njira zopezera luso pa sixth form kwa wofuna yunivesite ndi ntchito ya zamakompyuta

Wophunzira wa ku England amene wangolowa sixth form (zaka ziwiri zomaliza za sekondale, Year 12 ndi Year 13) ali ndi zaka 16 amaganiza kuti ali ndi zaka ziwiri zathunthu zokonzekera tsogolo lake, koma akawerenga miyezi bwinobwino amapeza kuti nthawiyo ndi yochepa kwambiri. Amayamba Year 12 mu Seputembala, ndipo ngati akufuna malo ku Oxford kapena ku Cambridge, fomu yake ya UCAS, bungwe limene ofunsira malo ku mayunivesite a ku United Kingdom amadzeramo, iyenera kukhala itatumizidwa pofika pa 15 Okutobala chaka chotsatira, pamene mayunivesite ena ambiri amadikira mpaka mu Januwale. Choncho chilichonse chimene akufuna kuti chioneke pa fomuyo ayenera kuchichita m'miyezi 13 kapena 16 yokha, ndipo m'miyezi yomweyo akulimbananso ndi maphunziro atatu kapena anayi a A-level, amene ndi olemera kwambiri kuposa mayeso a GCSE amene wangowamaliza.

Njira zimene achinyamata okonda zamakompyuta amalangizidwa kuti ayese ndi zambiri. Ena amati apange pulogalamu yawoyawo, ena amati alowe mipikisano, ena amati akakhale masiku angapo pa kampani, ndipo enanso amatchula maphunziro a pa intaneti, masatifiketi, kuphunzitsa ana, ngakhale ganyu ya Loweruka m'sitolo. Zonsezi zili ndi phindu, koma phindu lake si lofanana, ndipo wofuna kulawa zonse amafanana ndi pusi wa m'mwambi uja amene anati ichi chakoma ichi chakoma mpaka anagwa chagada. Maganizo anga ndi akuti ntchito imodzi yomalizidwa, imene mwini wake angathe kuifotokoza kwa mphindi khumi pamaso pa munthu wodziwa, imaposa mndandanda wa zinthu khumi zimene anangozikhudza pamwamba. Njira zili m'munsizi ndaziyeza ndi muyeso umenewu.

Makomo ndi awiri, ndipo ofunsa ake amafuna zosiyana

Asanasankhe chochita, wophunzira ayenera kudziwa khomo limene akugogoda. Khomo loyamba ndi digiri ya sayansi ya makompyuta ku yunivesite. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti mayunivesite amene malo awo amalimbiranidwa kwambiri amafuna masamu kuposa luso lolemba mapulogalamu. Ku Cambridge ndi ku Imperial College London, A-level ya masamu ndi yofunika ndithu, Further Maths (A-level yachiwiri ya masamu ozama) amailimbikitsa kwambiri, ku Cambridge amachita kuifuna ngati sukulu ya wophunzira imaiphunzitsa, ndipo ofunsira malo amalemba mayeso a masamu otchedwa TMUA, pamene A-level ya Computer Science sikhala pa mndandanda wa zokakamiza. Chifukwa chake n'chakuti digiriyo imaphunzitsa kuganiza, monga kutsimikizira kuti njira ina yothetsera vuto ndi yolondola, kapena kuwerengera nthawi imene idzatenge zinthu zoti ikonze zikachuluka kufika mamiliyoni. Aphunzitsi osankha ophunzira kumeneko safuna kwenikweni kudziwa kuti mnyamata kapena mtsikana anali mtsogoleri wa timu ya mpira; amafuna umboni woti anapitirira silabasi pa phunziro lomwelo chifukwa cholikonda.

Khomo lachiwiri ndi degree apprenticeship, dongosolo limene linayamba ku England m'chaka cha 2015, lomwe wachinyamata amalembedwa ntchito pa kampani, n'kumalandira malipiro, kwinaku akuphunzira digiri popanda kulipira fizi. Popeza fizi ya yunivesite ku England inafika £9,535 pa chaka mu 2025, n'zomveka kuti ambiri amakopeka, ndipo malo ake ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna. Kuno wofunsa si mphunzitsi koma wolemba anthu ntchito, ndipo mafunso ake ndi ena: tiuzeni za nthawi imene munasemphana maganizo ndi mnzanu pa ntchito, kapena za tsiku limene munalakwitsa chinthu n'kuchikonza. Pamakhala CV, mayeso a pa intaneti, ndiponso ntchito ya pagulu imene olemba ntchito amaonerera kuti aone amene amamvetsera anzake. Kufunsira malo otere sikudya ngakhale amodzi mwa malo asanu amene UCAS imalola, kotero munthu akhoza kugogoda makomo onse awiri, bola adziwe kuti umboni wosangalatsa mphunzitsi wa masamu sungakhale womwewo wosangalatsa bwana wa pa kampani.

Pa makomo onse awiri pali chinthu chimodzi chimene chili pamwamba pa njira zonse, ndicho magiredi. Magiredi oyembekezeka amene sukulu imalemba pa fomu ya UCAS amachokera makamaka pa mayeso a kumapeto kwa Year 12, ndipo malo amene yunivesite imapereka amadalira kuti wophunzira akhoze monga analonjezera. Ola lililonse lochotsedwa ku masamu n'kuperekedwa ku zinthu zina liyenera kubweza phindu looneka, apo ayi ndi ola lotayika.

Pulogalamu yopanga wekha

Njira imene ndimaiika patsogolo ndi kupanga chinthu chako kuyambira pachiyambi mpaka anthu enieni atayamba kuchigwiritsa ntchito. Siifuna ndalama zambiri, siifuna wachibale wogwira ntchito pa kampani yotchuka, ndipo imagwira ntchito pa makomo onse awiri aja. Koma mawu akuti anthu enieni ndi ofunika kuwagwiritsitsa. Tiyerekeze kuti mtsikana wina wa Year 12 wapanga pulogalamu yoti mamembala a kalabu ya masewera azisungitsira nthawi ya bwalo. Ali yekha pa kompyuta yake, zonse zimayenda bwino. Sabata yoyamba imene anthu makumi atatu ayamba kuigwiritsa ntchito, amapeza kuti awiri asungitsa ola limodzi pa sekondi imodzimodzi, kuti wina walemba tsiku motsogoza mwezi, ndiponso kuti pa foni yakale batani lotumizira silikuoneka n'komwe. Vuto loyamba lija limamufikitsa pa funso lenileni la sayansi ya makompyuta, la momwe nkhokwe ya deta imatetezera kuti zochitika ziwiri zisasokonezane, ndipo akalithetsa amakhala ndi nkhani imene mphunzitsi wa ku yunivesite angamvetsere mwachidwi. Mavuto enawo amamuphunzitsa kumvera madandaulo a anthu, ndipo imeneyo ndi nkhani ya wolemba ntchito.

Ntchito yotere iyenera kusungidwa ndi Git, chida chimene Linus Torvalds anapanga mu 2005 chosungira mbiri ya kusintha kulikonse kwa pulogalamu, ndipo ambiri amaika mbiriyo pa webusaiti ya GitHub. Ubwino wake suthera pa kuteteza ntchito kuti isatayike. Mbiri yoonetsa kusintha pang'onopang'ono kwa miyezi isanu ndi umodzi, yokhala ndi zolakwitsa ndi zokonza zake, ndi umboni wovuta kupeka. Mfundo imeneyi yakula kwambiri kuyambira pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, chifukwa lero munthu akhoza kupeza pulogalamu yooneka bwino m'madzulo amodzi osamvetsa mzere ngakhale umodzi. Kukhala ndi pulogalamu sikulinso umboni pakokha, koma kutha kuyankha mukafunsidwa chifukwa chimene munasankhira njira iyi m'malo mwa inayo. Sindikunena kuti wophunzira asagwiritse ntchito zida zoterezi, pakuti adzazipeza ku ntchito. Ndikunena kuti mzere uliwonse umene sangathe kuufotokoza sunakhale wake.

Pali njira zochititsa kuti ntchitoyi iwerengedwenso ku sukulu, kuti wophunzira asasenze akatundu awiri. Amene akutenga A-level ya Computer Science pansi pa mabungwe a mayeso a AQA kapena OCR amayenera kale kupanga pulojekiti imene imatenga 20 peresenti ya giredi yonse, ndipo ndi nzeru kusankha vuto lenileni m'malo mwa lachizolowezi. Chenjezo n'lakuti ntchito ya mayeso siyenera kuikidwa poyera pa intaneti isanachongedwe, chifukwa malamulo a mayeso amaletsa kuipereka kwa ena, kotero pa GitHub ikhale pamalo obisika. Palinso EPQ (Extended Project Qualification), pulojekiti ya mutu wodzisankhira imene imalemera theka la A-level ndipo giredi ya A* imapereka mapointi 28 a UCAS. Wophunzira amasankha kulemba nkhani ya mawu pafupifupi 5,000, kapena kupanga chinthu n'kuchiperekeza ndi lipoti la mawu osachepera 1,000, ndipo mayunivesite ena, monga Southampton, amatha kufewetsa magiredi ofunika kwa amene wakhoza bwino EPQ. Ntchito imodzi siingaperekedwe kawiri, ku A-level ndi ku EPQ, choncho amene akuchita masamu, Further Maths ndi maphunziro ena awiri aganize mofatsa asanawonjeze katundu ameneyu. Kwa amene sakutenga Computer Science, EPQ ndi mpata wabwino kwambiri woonetsera luso lake m'njira yovomerezeka.

Okonda kugwira zinthu ndi manja akhoza kuyamba ndi Raspberry Pi, kakompyuta kotsika mtengo kamene kanatuluka mu 2012. Mbiri yake ikukhudza nkhani yathu mwachindunji, pakuti Eben Upton ndi anzake a ku Cambridge anakapanga atada nkhawa kuti ofunsira digiri ya makompyuta akuchepa ndipo akubwera osadziwa kulemba mapulogalamu monga ankachitira a m'mbuyomo. Kachipangizo koyeza chinyezi kapena kutentha m'chipinda n'kumatumiza manambala ku webusaiti kamaphunzitsa magetsi, maukonde a makompyuta ndi deta nthawi imodzi.

Njirayi ili ndi zofooka zake, ndipo sindizibisa. Palibe amene amaona ntchito yanu n'kukuuzani kuti mwakhota, motero zizolowezi zoipa zimamera mizu. Mapulojekiti ambiri amafera pakati, makamaka amene anayamba ndi maloto aakulu ngati opanga Facebook yatsopano. Ena amangotsatira vidiyo ya pa YouTube mzere ndi mzere n'kumati apanga chinthu, pamene wofunsa wozindikira amaona msanga pulogalamu imene anaiona kale kambirimbiri. Palinso lamulo: pulogalamu yosunga maina, manambala a foni kapena zithunzi za anthu imagwa pansi pa Data Protection Act ya 2018, ndipo wophunzira ayenera kufunsa mphunzitsi kapena mwini kalabu asanayambe kutolera zinthu zotere.

Mipikisano

Mipikisano imanola mbali imene pulojekiti yawekha imaisiya yobuntha. British Informatics Olympiad imalembedwa pa sukulu pomwepo chakumapeto kwa chaka kapena kumayambiriro kwa chaka chotsatira, imatenga maola atatu, ndipo ochita bwino koposa amaitanidwa ku ndime yomaliza ku Cambridge, kumene anayi amasankhidwa kukaimira dziko la United Kingdom ku International Olympiad in Informatics, mpikisano umene unayambira ku Bulgaria mu 1989. Kumbali ya masamu kuli Senior Mathematical Challenge ya bungwe la UKMT, ya mafunso 25 m'mphindi 90. Mafunso a m'mipikisano imeneyi sawoneka ngati a m'kalasi. Amakupatsani vuto limene simunalionepo n'kudikira kuti mupeze nokha polowera, ndipo umu ndi momwenso TMUA ndi mafunso a pamasom'pamaso a ku Oxford ndi ku Cambridge amakhalira.

Pachifukwa chimenechi, kwa wofuna mayunivesite olimbiranidwa kwambiri, mipikisano ndimaiika pambali penipeni pa pulojekiti, mwinanso patsogolo pake. Kwa wofuna degree apprenticeship phindu lake ndi locheperapo, popeza pulogalamu ya mpikisano imalembedwa ndi munthu mmodzi, imagwira ntchito kamodzi, ndipo palibe amene adzaiwerengenso, pamene pa kampani pulogalamu imawerengedwa ndi kukonzedwa ndi anthu ambiri kwa zaka. Chimene ndimafuna kuti ophunzira amve n'chakuti phindu lalikulu silili pa kupambana. Anayi okha ndi amene amapita kunja, koma aliyense amene wakhala miyezi itatu akulimbana ndi mafunso a zaka zam'mbuyo amatuluka ali munthu wina. Amene sukulu yake silembetsa mipikisano akhoza kupempha mphunzitsi kuti ailembetse, ndipo podikira ali ndi Project Euler, yokhala ndi mavuto mazanamazana a masamu othetsedwa ndi kompyuta, komanso Advent of Code, imene Eric Wastl anayambitsa mu 2015 ndipo imatulutsa mavuto atsopano mu Disembala. Zonsezi ndi zaulere.

Masiku a pa kampani

Iyi ndi njira imene makolo amaidera nkhawa kwambiri, ndipo m'maganizo mwanga amaikweza kuposa muyeso wake. Mosiyana ndi udokotala, umene ofunsira amayembekezeka kuonetsa kuti akudziwa moyo wosamalira odwala, digiri ya makompyuta siifuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito pa kampani. Makampani ambiri sakonda kulandira osakwana zaka 18 chifukwa cha nkhani za inshuwalansi, za chitetezo cha ana ndi za zinsinsi za makasitomala, ndipo mipata yochepa imene ilipo nthawi zambiri imagwera ana amene makolo awo amadziwana ndi munthu m'katimo. Aphunzitsi a ku yunivesite amadziwa zimenezi, choncho dzina la kampani yaikulu pa fomu siliwagwedeza ngati wophunzira sangathe kunena chimene anaphunzirako.

Komabe sabata imodzi yotere imapereka chinthu chimene njira zina sizingapereke. Wophunzira amaona kuti akatswiri amathera nthawi yambiri akuwerenga mapulogalamu a anzawo, akuyesa zimene apanga, ndiponso akukambirana pa misonkhano, osati akungolemba. Ena amatulukako atatsimikiza mtima, ena amazindikira kuti amakonda mbali ina, monga kusanthula deta kapena kukonza maonekedwe a pulogalamu, ndipo kuzindikira kumeneku pa zaka 17 n'kotsika mtengo kuposa kukuzindikira pakati pa digiri. Kwa wofuna degree apprenticeship, sabata imeneyi imalemera kwambiri, chifukwa imamupatsa choyankha akafunsidwa chifukwa chimene akufunira ntchitoyo. Kampani yaing'ono kapena bungwe lachifundo la m'dera nthawi zambiri limaposa kampani yotchuka, pakuti kumeneko mlendo amapatsidwa ntchito yeniyeni m'malo mongomuyendetsa m'maofesi, ndipo kalata yaifupi yaulemu yonena masiku enieni ndi chimene mukudziwa kuchita imayankhidwa kawirikawiri kuposa momwe ophunzira amaganizira.

Amene akuchokera m'mabanja opeza movutikira, kapena amene makolo awo sanapite ku yunivesite, ayang'ane madongosolo opangidwira iwo, monga masukulu a nthawi ya tchuthi a Sutton Trust, UNIQ ya ku Oxford, ndi In2scienceUK. Ndi aulere, koma nthawi yofunsira imatsekedwa m'miyezi yoyambirira ya chaka, wophunzira ali pakati pa Year 12, ndipo ambiri amamva za iwo khomo litatsekedwa kale. Mawebusaiti monga Forage ndi Springpod amapereka zoyeserera za ntchito za maola ochepa pa intaneti. Ndi zabwino polawa mtundu wa ntchito, koma monga umboni ndi zopepuka, popeza aliyense akhoza kuzimaliza tsiku limodzi. Koma madongosolo olipira ndalama zambiri, amene amalonjeza kukongoletsa fomu ya UCAS ndi sabata ziwiri m'nyumba za yunivesite yotchuka, sindingalangize banja lililonse kuti lidzipanikize chifukwa cha iwo, pakuti chimene amaonetsa makamaka n'chakuti banjalo linali ndi ndalama.

Pano ndi poyenera kutchula T Level, njira ya maphunziro okonzekera ntchito yotengedwa m'malo mwa ma A-level, imene inayamba mu 2020, imalemera ngati ma A-level atatu, ndipo ili ndi maola osachepera 315, pafupifupi masiku 45, a ntchito pa kampani. Kwa amene watsimikiza kuti akufuna kulowa ntchito kapena apprenticeship, palibe njira ina ya msinkhu umenewu imene imapereka nthawi yaitali chonchi pa malo a ntchito. Koma chisankhochi chimapangidwa munthu asanayambe Year 12, ndipo mayunivesite ofuna A-level ya masamu sangailandire T Level payokha, choncho ndi bwino kuwerenga zofunika za digiri imene mukuifuna musanasaine.

Maphunziro a pa intaneti ndi masatifiketi

Pa njirayi mpofunika kulekanitsa kuphunzira ndi pepala. Maphunziro ena ndi abwino kwambiri. CS50 ya ku Harvard, imene David Malan amaphunzitsa, ndi yaulere, m'masabata oyambirira imaphunzitsa chilankhulo cha makompyuta cha C kuti wophunzira amvetse momwe kompyuta imasungira zinthu m'kati mwake, kenako n'kupita ku Python ndi SQL, ndipo imatha ndi pulojekiti yodzisankhira. Kwa amene sakutenga Computer Science ku sukulu, ameneyu ndi maziko olimba, ndipo pulojekiti yake yomaliza ikhoza kukula n'kukhala ntchito ija tanena pamwambapa. Koma kulemba pa fomu kuti munamaliza maphunziro asanu ndi atatu a pa intaneti sikunena zambiri, chifukwa kuonera mavidiyo n'kosavuta. Chimene chimamveka ndi kutchula mfundo imodzi imene inakuvutani, ndi kumene munapita nayo pambuyo pake.

Masatifiketi a ntchito, monga CompTIA A+, CCNA ya Cisco kapena a Amazon Web Services, amafuna ndalama za mayeso komanso masabata ambiri okonzekera. Kwa wofuna apprenticeship yosamalira makompyuta a pa ofesi kapena maukonde, amathandiza ndithu, chifukwa olemba ntchito amawadziwa. Kwa wofuna digiri ya sayansi ya makompyuta, nthawi imeneyo ikanabala zambiri pa masamu.

Mapulogalamu otseguka ndi zachitetezo

Kuthandiza pa pulogalamu imene aliyense ali ndi ufulu woiwerenga ndi kuikonza kumachiritsa nthenda yaikulu ya pulojekiti yawekha, chifukwa anthu osakudziwani amawerenga zimene mwalemba n'kukuuzani mosapita m'mbali pamene pakufunika kukonza. Kukonza kamodzi kokha kumene kwalandiridwa pa pulogalamu yogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri ndi umboni wamphamvu. Vuto n'lakuti polowera ndi potsetsereka: pamafunika kuwerenga mizere zikwizikwi ya anthu ena musanasinthe umodzi, ndipo Google Summer of Code, dongosolo lodziwika kwambiri la oyamba kumene, limalandira a zaka 18 kupita m'tsogolo. Ndimaiona ngati sitepe yachiwiri, yoyenera amene wamaliza kale chinthu chake ndipo wapeza cholakwika m'chida chimene amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Okonda zachitetezo cha makompyuta ali ndi CyberFirst, dongosolo la boma lophunzitsa achinyamata lusoli, komanso malo oyeserera monga TryHackMe ndi picoCTF ya yunivesite ya Carnegie Mellon, kumene kuthyola makina n'kololedwa chifukwa anapangidwira zomwezo. Kunja kwa malo otere, lamulo la Computer Misuse Act la 1990 limati kulowa m'kompyuta popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale wolowayo atanena kuti amangofuna kuonetsa sukulu yake pamene pali chibowo. Ndikulemba izi mwamphamvu chifukwa ntchito zambiri za m'gawo limeneli zimafuna kufufuzidwa mbiri ya munthu, ndipo chidwi cha usiku umodzi chikhoza kutseka khomo limene wachinyamatayo amalifuna kwambiri.

Kuphunzitsa ana ndi ganyu wamba

Kuthandiza m'makalabu ophunzitsa ana kulemba mapulogalamu, monga Code Club kapena CoderDojo, imene inayambira ku Cork m'dziko la Ireland mu 2011, kumayesa ngati mukumvetsadi zimene mukudziwa, pakuti mwana wa zaka zisanu ndi zinayi sangakhutire ndi mawu aakulu. Amene akuchita Gold, ndime yapamwamba ya mphoto ya achinyamata yotchedwa Duke of Edinburgh's Award, imene imafuna miyezi 12 ya ntchito yodzipereka, akhoza kuwerengera maola amenewa kumeneko. Njirayi ili pakati: imathandiza pang'ono ku yunivesite, ndipo imathandiza kwambiri pa mafunso a olemba ntchito.

Za ganyu ndikufuna kunena momveka, chifukwa ndi pamene ophunzira ambiri amadziderera popanda chifukwa. Amene amagwira ntchito m'sitolo kapena m'malo odyera kumapeto kwa sabata, mwina pa malipiro otsikitsitsa a osakwana zaka 18 amene anali £7.55 pa ola kuyambira mu Epulo 2025, amaganiza kuti alibe cholemba poyerekeza ndi anzawo amene anakakhala sabata ku ofesi ya ku London. Zoona zake n'zakuti chaka chathunthu chofika pa nthawi yake, chopirira makasitomala okwiya ndi chosunga ndalama za eni ake chimayankha pafupifupi funso lililonse la degree apprenticeship bwino kuposa sabata yoonerera. Ku yunivesite ganyuyo siwonjezera mapointi a phunziro, koma mphunzitsi wolemba kalata yoikira umboni akhoza kufotokoza kuti wophunzirayu anakhoza magiredi ake kwinaku akuthandiza pakhomo. Choopsa chake ndi maola okha, ndipo akayamba kudya nthawi yogona ndi yowerenga, ndi bwino kuwachepetsa mayeso akamayandikira.

Kusakaniza kwake

Wofuna Cambridge, Oxford, Imperial kapena mayunivesite ena a mtundu umenewo ndingamulangize kuti nthawi yake yotsala ipite kwambiri ku mavuto a masamu ndi a mipikisano, ndipo pambali pake akhale ndi pulojekiti imodzi yokhala ndi funso lozama m'kati mwake, ngakhale itakhala yosakongola. Wofuna degree apprenticeship atembenuze muyesowo: pulojekiti yokhala ndi anthu oigwiritsa ntchito, ganyu kapena kuphunzitsa ana kwa nthawi yaitali, ndi masiku a pa kampani ngati apezeka. Amene sanasankhe khomo ayambe ndi pulojekiti, chifukwa ndi yokhayo imene imawerengedwa mokwanira kuwiri konse, ndipo m'kati moipanga adzazindikira ngati chimene chimamusangalatsa ndi funso la masamu lobisika pansi pake kapena nkhope ya munthu amene vuto lake latha. Nthawi yabwino yoyambira ndi teremu yoyamba ya Year 12, ndipo tchuthi chachitali cha Julayi ndi Ogasiti chikhale chomalizira, chifukwa Year 13 ikayamba, mafomu, mayeso olowera ndi mayeso oyeserera zimatenga malo onse.

Kuyambira kwa olowa yunivesite mu 2026, kalata yodzifotokoza ya UCAS inagawidwa m'mafunso atatu: chifukwa chimene mukufunira phunzirolo, momwe maphunziro anu akukonzekeretserani, ndi zimene mwachita kunja kwa sukulu pamodzi ndi phindu lake. Mayankho onse pamodzi sapitirira zilembo 4,000, ndipo lililonse liyenera kukhala ndi zilembo zosachepera 350. Malo amenewa ndi ochepa kwambiri moti mndandanda wa zinthu khumi umasanduka maina okhaokha, pamene zinthu ziwiri kapena zitatu zimapeza mpata wofotokozedwa. Pokonzekera zimenezi, wophunzira asunge kabuku kuyambira sabata yoyamba, momwe azilemba mizere itatu kapena inayi nthawi iliyonse akakumana ndi vuto: chimene chinakanika, zimene anayesa, ndi chimene chinathandiza. Mtsikana wa pulogalamu ya bwalo uja, akadzakhala pansi mu Seputembala wa Year 13 kuti alembe yankho lachitatu, adzatsegula tsamba la tsiku limene anthu awiri anasungitsa ola limodzi, ndipo adzayambira pamenepo.